Foni, chipinda chanu, situdiyo yapafupi kapena Lilongwe: rapa wa kunyanja aike pati ndalama yake?

Woimba rap wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amene alibe kampani yomugwira pamkono amasenza yekha ntchito zinayi: kupeza biti, kujambula mawu, kumikisa (kulinganiza mawu ndi zida zoimbira kuti zimveke bwino pamodzi), ndi kufikitsa nyimbo m'makutu mwa anthu. Ndalama imene amaipeza pa ganyu, pa kabaza kapena pogulitsa usipa kawirikawiri imangokwanira ntchito imodzi ndi theka. Ambiri amainyenyanyenya kuti paliponse pagwe kangachepe, mapeto ake palibe mbali imene imatuluka bwino. Ine ndimati ndalama ipite kaye pa zinthu ziwiri zimene sizikonzeka pambuyo, umwini wa biti ndi mawu ojambulidwa bwino. Kumikisa mukhoza kubwereza chaka chamawa, vidiyo mukhoza kujambula mukadzapeza ndalama, koma vesi yojambulidwa moipa pa biti ya eni ake imakhala choncho mpaka kalekale.

Biti ya ndani?

Njira yachidule aliyense akuidziwa, kutsitsa biti pa YouTube n'kuyamba kulemba. Poyeserera kayendedwe ka mawu kapena pa freestyle yoponya pa Facebook palibe cholakwika. Koma biti zambiri zolembedwa kuti ndi zaulere, mwini wake amakhala atanena m'munsimo kuti ulerewo ndi wa amene sakupangirapo ndalama. Nyimbo ikaphulika simungailembetse ngati yanu yonse, ndipo makina a YouTube otchedwa Content ID akhoza kuizindikira n'kuloza ndalama kwa mwini biti. Vuto lina limaonekera pomikisa. Biti yotere imabwera ili MP3 imodzi yomatidwa kale, ng'oma, bezi ndi piyano zonse pamodzi, moti womikisa sangasunthe kanthu kuti mawu anu apeze malo.

Kubwereka biti pa masamba ngati BeatStars kumakupatsani pangano lolembedwa, koma malipiro ake ndi a madola, ndipo biti yomweyo amaibwereketsanso kwa anthu ena ambiri. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira m'madola chimawawa, kuphatikiza apo pamafunika khadi ya banki yovomera kulipira kunja.

N'chifukwa chake ndimaikira kumbuyo pulodyusa wa kwanu konkuno. Mumalipira pa Mpamba kapena Airtel Money, mumakhala naye pampando umodzi n'kumuuza kuti ng'oma ikhale yotani, ndipo akhoza kulowetsa zimene biti ya ku Atlanta ilibe: kagundidwe ka mganda, m'manja mwa amayi a chioda, kulira kwa malipenga. Tay Grin anadziwika ndi dzina loti Nyau King chifukwa sanachite manyazi ndi za kwawo. Komatu ng'oma za gule wamkulu zili ndi eni ake. Musapite kudambwe kapena pamaliro ndi foni n'kumajambula mobisa. Funsani akuluakulu, ndipo akakana muvomere. Pulodyusa mukagwirizana naye, lembani kapepala ngakhale ka m'kope: mtengo, ngati bitiyo ndi yanu nokha kapena akhoza kupatsanso wina, gawo lake pa ndalama za m'tsogolo, ndiponso kuti akupatsani zida zonse padera padera ngati ma WAV, mafayilo a mawu osafinyidwa. Anthu awiri asaine ngati mboni. Ubale wambiri watha chifukwa cha biti imodzi yomveka pa nyimbo ziwiri.

Kojambulira mawu

Foni ndi yoyambira yabwino kuposa momwe ambiri amaiganizira. BandLab ndi yaulere, imalola kuika biti pansi n'kujambula mawu pamwamba mizere ingapo. Gwiritsani ntchito mahedifoni a waya chifukwa a Bluetooth amachedwetsa zimene mukumva, ndiye mumarapa mukutsalira kumbuyo kwa biti osadziwa. Tsekani netiweki kuti wina asaimbe pakati pa vesi. Pa foni mumaphunzira pamene mpweya ukukutherani, mzere umene uli ndi mawu ochuluka, kolasi imene siikugwira. Ntchito yonseyi mukaichitira mu situdiyo yolipira ndiye kuti mukugula nthawi yophunzirira pa mtengo wojambulira. Koma foni imafinya mawu mwa iyo yokha ndipo imatola chipinda chonse, kotero nyimbo yoti ikaseweredwe pa wayilesi motsatizana ndi ya Gwamba kapena Suffix imaonekera msanga kuti ndi ya pafoni.

Njira yachiwiri ndi kumanga kanu m'chipinda: laputopu, saundikhadi (kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu), maiki, mahedifoni otseka makutu. Apa ndi pamene anyamata ambiri amataya ndalama, chifukwa amathamangira maiki imene amaiona m'mavidiyo, ya condenser, monga Audio-Technica AT2020 kapena ija yotsika mtengo ya BM-800. Condenser imamva chilichonse. Imafuna magetsi a 48V ochokera ku saundikhadi, ndipo ikayaka imatola chigayo cha kuseri, njinga yamoto ya kabaza, tambala wa aneba, malata akulira ndi dzuwa la masana, mwera ukugwedeza zenera mu June ndi July. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, ya makoma a simenti opanda kanthu, mawu amagunda khoma n'kubwerera m'maiki, ndipo kubwerera kumeneku palibe pulogalamu imene imakuchotsa bwinobwino. Maiki ya dynamic, monga Shure SM58 yomwe ija ya m'matchalitchi ndi m'mashoo, kapena Samson Q2U yolowa ndi pa USB pomwe, imamva kwambiri chimene chili pafupi ndi pakamwa n'kusiya zambiri za kutali. Siwala ngati condenser, koma kwa rapa wa m'nyumba za kuno ndi imene ndingasankhe popanda kukayika. Chenjerani ndi SM58 zachinyengo, zadzaza m'misika. Yeniyeni imalemera m'dzanja ndipo mtengo wake sukhala wa masewera.

Saundikhadi ya Behringer UMC22 imagwira ntchito, Focusrite Scarlett Solo imaposa apo, makamaka pa maiki ya dynamic imene imafuna kukwezedwa kwambiri. Zonsezi zimadya moto wa laputopu kudzera pa USB, ndipo ichi n'chifukwa chake ndimati laputopu yakale ya batire lamoyo iposa kompyuta ya padesiki yamphamvu. Salima ali ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma magetsiwo amalowa m'nthambo za dziko lonse, ndiye kuzima kumatipezabe ngati ena onse. Chosangalatsa n'chakuti nthawi imene magetsi azima ndi nthawi yabwino kujambula: chigayo chaima, masipika a kumalo omwera ali zii, firiji yasiya kung'ung'udza. Ngakhale magetsi alipo, mukamamva kaphokoso kosalekeza m'mahedifoni, zulani chaja ya laputopu muone. Nthawi zambiri kamathera pomwepo. Jenereta ndiye isayandikire n'komwe.

Za chipinda, musavutike kumata mathireyi a mazira pakhoma. Ndi opyapyala, phindu lake ndi lochepa, ndipo amaitana mphemvu. Imikani matiresi pakona, inu muime kutsogolo kwake msana utaloza matiresiwo, pachikani bulangete lokhuthala mbali ziwiri, yalani mphasa kapena chiguduli pansi. Pakati pa pakamwa ndi maiki pakhale zala zinayi, ndipo mpatawo usasinthe mukatentheka ndi vesi. Chichewa chili ndi ph, th ndi kh zambiri zotulutsa mpweya wamphamvu. Mawu ngati "phokoso" kapena "khomo" amawomba maiki ngati mwaimenya. Pindani waya mozungulira, vekani sitokin'i yopyapyala, muimike patsogolo pa maiki, vutolo latha. Mu October ndi November, kutentha kwa kunyanja kukafika pachimake, kutseka mazenera ndi kuzimitsa fani kwa ola lathunthu sikutheka, ndipo laputopu nayo ikatentha fani yake imalira. Jambulani usiku anthu atagona, vesi imodzi, tsegulani chitseko mupume, kenako ina. Dzinja likafika, mvula pa malata imakulamulirani yokha tsiku logwira ntchito.

Pulogalamu yojambulira isakusowetseni tulo. Audacity ndi yaulere. Reaper imakulolani kuyesa masiku 60 ndipo laisensi ya munthu payekha ndi madola 60, komanso siilemera pa laputopu yofooka. FL Studio ndi yabwino popanga biti, kungoti yoyeserayo imasunga ntchito koma siilola kuitsegulanso mpaka mutagula, ndipo mtundu wake wotsikitsitsa mtengo, Fruity Edition, sujambula mawu a pa maiki. Zobenedwa zimene anthu amapatsana pa fulashi zimabwera ndi mavairasi, ndipo tsiku limene zidzagwe zimapita ndi chimbale chonse. Chilichonse chimene mwasankha, jambulani ngati WAV ya 24-bit, mawu akamakwera kwambiri azifika cha pa -10 dB. Akafika pofiira n'kusweka, palibe katswiri angawalumikize.

Njira yachitatu ndi situdiyo ya pafupi, za pa Kamuzu Road, pa boma la Nkhotakota kapena ku Dwangwa. Zilipo zabwino ndipo zilipo zongokhala ndi dzina. Musaweruze poona magetsi a mitundumitundu pakhoma. Pemphani kumva nyimbo zitatu zimene anajambula momwemo, makamaka za rap, chifukwa munthu wozolowera makwaya amakonda kumiza mawu mu reverb yambiri, kulira kotsalira kokhala ngati kwa m'holo, pamene rap imafuna mawu ouma, oyandikira. Lowani mojambuliramo muwombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kotsalira, chipindacho sichinakonzedwe. Ndipo musanapereke ndalama mvanani kuti mutenga mawu anu osaphikidwa pa fulashi tsiku lomwelo. Ena amangopereka MP3 yomaliza, ndipo kompyuta yawo ikafa, ntchito yanu yafera limodzi. Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi wakuti pali khutu lachiwiri, munthu wokuuzani kuti mzere wachisanu mwameza mawu, bwerezani. Kwa amene amatulutsa nyimbo ziwiri kapena zitatu pachaka, situdiyo yapafupi yabwino ndi yotsika mtengo kuposa kugula zida.

Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima pa msewu wa M14. Wochokera ku Nkhotakota podzera pa M5 amayenda pafupifupi kawiri pamenepo. Kumeneko kuli zipinda zokonzedwa bwino ndi mapulodyusa amene dzina lawo lokha limatsegula zitseko. Koma pa mtengo wa situdiyo onjezani thiransipoti, chakudya, mwina ndi pogona, komanso kuti mumafika mutatopa, mmero utauma ndi fumbi, wina akudikira panja nthawi yake. Ulendowu ndi woyenera nyimbo imodzi imene mwaiyesa kale pa anthu n'kuona kuti yagwira, ndipo mukuiloweza moti mungaiimbe osayang'ana pafoni. Kupita ndi nyimbo yosamaliza kulemba ndi kungopereka ndalama kwa eni minibasi.

Kumikisa: nokha kapena kutumiza

Pano ndi pamene ndimalimbikitsa kulipira munthu, ngakhale mwajambula nokha. Kujambula bwino mungakuphunzire m'miyezi yochepa, koma khutu la womikisa limatenga zaka, ndipo m'chipinda chosakonzedwa, pa mahedifoni okometsa bezi, simumva zimene zilidi m'nyimbo. Womikisa sakufunika kukhala pafupi. Akhoza kukhala ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Johannesburg. Mumamutumizira mzere uliwonse padera, yonse yoyambira pa chiyambi chenicheni cha nyimbo kuti igwirizane, yopanda reverb kapena autotune (pulogalamu yowongola mawu kuti agwirizane ndi tchuni), yolembedwa maina omveka. Konzekerani bandulo: mzere umodzi wa mawu wa mphindi zitatu, pa 24-bit ndi 48 kHz, umalemera pafupifupi 26 MB, ndiye mizere khumi yadutsa 250 MB. Tumizani pa Google Drive, kapena pa WhatsApp ngati document kuti isafinyidwe. Mvanani kuti akhoza kukonzanso kangati popanda ndalama yowonjezera.

Sankhani munthu womva Chichewa. Mlendo amamikisa mawu anu ngati chida china choimbira, sadziwa kuti liwu limene lamira pansi pa ng'oma ndi limene lanyamula tanthauzo la vesi yonse. Wa kuno amadziwanso kuti ts, ps ndi s zathu zimabaya makutu zikawalitsidwa kwambiri, ndi kuti autotune yothina imaphwanya kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene Chichewa chimadalira.

Ngati ndalama palibiretu ndipo mukumikisa nokha, chitani zochepa. Dulani zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz pa mawu, ikani compressor yofatsa kuti mizere yonong'ona ndi yokuwa iyandikane, reverb ikhale yongomveka mukaichotsa. Mawu akhale pamwamba pa biti. Anthu a kuno amamvera rap kuti amve zimene mwanena. Bezi ya 808 imene ikugwedeza mahedifoni anu, pa sipika ya foni siimveka n'komwe pokhapokha mutaiwonjezera kukhakhala pang'ono kuti ikhale ndi mawu a pamwamba. Ndipo musanati yatha, imvereni kumene idzakhale: pa foni ya mabatani, pa kasipika ka Bluetooth kamene asodzi amakolowekera pa bwato posoka ukonde, mu shopu yometera, mu minibasi ya ku Senga Bay. Zambiri mwa zimenezi zimatulutsa mawu mbali imodzi, choncho zokometsera zimene mwazitambasulira kumanja ndi kumanzere zikhoza kusowa.

Mastering ya makina, monga yaulere ya BandLab, imakweza nyimbo kuti ifanane ndi zinzake, koma siikonza mikisi yoipa. Musalimbane ndi kukweza mpaka kusweka: Spotify imatsitsa nyimbo zaphokoso kufika cha pa -14 LUFS pa muyezo wa kukwera kwa nyimbo, ndiye mwangotaya mphamvu ya ng'oma pachabe.

Kufikitsa nyimbo kwa anthu

Achinyamata ambiri amaona ngati nyimbo yatuluka ikafika pa Spotify. Spotify inafikadi ku Malawi mu 2021, ndipo kuti muikeko nyimbo mumadzera kwa ofalitsa monga DistroKid, yolipira chaka ndi chaka m'madola, kapena RouteNote, imene ili ndi njira yaulere koma imatengako 15 peresenti. Dziwani kuti kuyambira mu 2024, nyimbo imene siinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 siilandira kanthu ku Spotify. Ndi angati ku Khombedza, ku Benga kapena ku Mkaika amene angawononge bandulo kumvera nyimbo imodzi mobwerezabwereza? Kukhala kumeneko n'kothandiza pamene wokonza shoo kapena m'bale wa ku South Africa akukufufuzani, koma si kumene omvera anu oyamba ali. Audiomack imalola kuika nyimbo mwaulere popanda mkhalapakati, ndipo pamodzi ndi malawi-music.com ndi malo oyenera kukhala ndi linki yoti muzipatsa anthu.

Omvera oyamba ali kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Munthu akabwera ndi memore khadi n'kunena kuti "ndiikireni zatsopano", amene amasankha ndi mnyamata wa pa kompyutayo. Pitani nokha, mulonjereni bwino, mumvetseni nyimbo, mumusiyire MP3 yabwino. Chitani chimodzimodzi kwa ma DJ a maukwati ndi zinkhoswe, ometa, ndi madalaivala. Njira imeneyi siibweretsa ndalama mwachindunji, ndipo ena amaidana nayo chifukwa obenawo amadyerapo pa thukuta la oimba. Dandaulo limenelo ndi loona, koma kwa munthu amene sanadziwike, nyimbo yoyenda yokha kuchokera pa Kaphatenga mpaka ku Chia ndi imene imadzabweretsa oitana ku shoo. Fayilo ikhale ndi dzina lanu ndi mutu wa nyimbo, osati "final mix 2", ndipo tchulani dzina lanu m'nyimbo momwemo, chifukwa ikadutsa mafoni asanu dzina la fayilo limakhala litasintha. Ya pa WhatsApp ikhale yopepuka. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndipo anthu amatsitsa msanga chinthu cha 3 MB kusiyana ndi cha 8 MB.

Wayilesi za m'dera, Nkhotakota Community Radio ndi Chisomo ku Salima, ndi zosavuta kuzifikira kuposa MBC, Zodiak kapena Times, ndipo zimamvedwa ndi anthu omwe mukukhala nawo. Pitani ndi nyimbo yopanda zotukwana, ndipo ngati ili nazo konzani ina yoyera musanamalize kumikisa. Woulutsa wina akakupemphani kangachepe kuti aisewere, dziwani kuti ndalama ikatha nyimbo imathanso. Kuli bwino kulimbikitsa anzanu kuti azitumiza mauthenga oipempha. Masamba akuluakulu a zisangalalo pa Facebook monga Mikozi amafikira anthu ambiri tsiku limodzi, koma amathandiza kwambiri nyimbo imene ili kale ndi kavidiyo kokopa. Pamenepa wa kunyanja ali ndi mwayi umene a m'tauni amachita kuulipirira ulendo: mchenga wa Senga Bay, mabwato a pa Chipoka dzuwa likutuluka, misewu yakale ya ku Linga. Kavidiyo ka masekondi 30 kojambulidwa ndi foni m'mawa, kokhala ndi mizere yanu yamphamvu koposa, kamayenda pa TikTok ndi pa status kuposa vidiyo yathunthu yodula.

Maphwando akuluakulu amabwera okha kuno. Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda, yachitikira kambirimbiri ku Senga Bay, ndipo Lake of Stars inali ku Salima mu 2018 ndi ku Nkhotakota mu 2024. Okonza amafuna oimba a m'deralo otsegulira, koma amatenga amene ali ndi chowonetsa: nyimbo yomveka bwino, kavidiyo kosonyeza kuti mumatha kugwira anthu pamaso, ndi biti yopanda mawu anu otsogolera yoti muimbirepo. Ipempheni kwa womikisa pamodzi ndi nyimbo yeniyeniyo, chifukwa kurapa pamwamba pa mawu anu omwe kumaoneka ulesi ndipo anthu amazindikira.

Ndipo nyimbo isanapite kwina kulikonse, ilembetseni ku COSOMA, bungwe limene lakhala likutolera ndalama za oimba ndi olemba kuyambira 1992 ndipo tsopano likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright la 2016. Limatolera ku nyumba zoulutsa mawu, kumalo azisangalalo, komanso msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, n'kugawira mamembala. Likulu lake lili ku Lilongwe. Polembetsa mumatchula amene analemba mawu, amene anapanga biti ndi gawo la aliyense, choncho nyamulani kapepala kamene munasainirana ndi pulodyusa wanu.